Kuyamba kuulutsa ndege za pa kompyuta ngati ndinu wosaona

Woyendetsa ndege akalowa mumtambo usiku, zenera la kutsogolo limatha ntchito. Chimene chimamufikitsa ndi manambala: wakwera bwanji, akuthamanga bwanji, mphuno ya ndege yaloza kuti, bwalo latsala mtunda wanji. Manambala amenewa kompyuta itha kuwatchula mokweza, ndipo khomo la munthu wosaona lolowera m'masewera oyerekeza kuulutsa ndege lili pamenepo. Mu 2007 Miles Hilton-Barber, bambo wosaona wobadwira ku Zimbabwe, anaulutsa kandege kakang'ono kuchoka ku London mpaka ku Sydney, zipangizo zikumuuza manambala m'khutu, mnzake woona ali pambali. Poyamba inu mungofunika mpando, kompyuta ya Windows ndi mahedifoni. Chimene chimagwetsa ulesi oyamba kumene ndi kuchuluka kwa mawu olowa m'khutu nthawi imodzi, choncho dongosolo lili m'munsimu ndi lowonjezera chinthu chimodzi, kuchizolowera, kenako n'kuwonjezera china.

Yambani ndi makutu ndi kiyibodi

Mahedifoni akhale omveka mbali zonse ziwiri, kumanzere ndi kumanja, chifukwa masewera ena amakuuzani kumene mwapatukira pokokera phokoso khutu limodzi. Sipika ya laputopu siingakuthandizeni pa zimenezi.

Pulogalamu yowerenga sikirini, ambiri amagwiritsa NVDA poti ndi yaulere. JAWS nayo imagwira. Ngati muli pa NVDA, pali mabatani atatu oti alowe m'zala musanatsegule ndege iliyonse. Batani la NVDA (Insert kapena Caps Lock) ndi R amajambula zimene zili pa sikirini n'kuziwerenga ngati malemba, zomwe zimakupulumutsani pamene sewero lalemba mawu ngati chithunzi. NVDA ndi F2 amauza NVDA kuti batani lotsatiralo alisiye lipite ku sewero. Lachitatu ndi logoneka NVDA m'pulogalamu imene muli: NVDA, Shift ndi S pa kiyibodi yaikulu, kapena NVDA, Shift ndi Z ngati munasankha dongosolo la laputopu. Lachitatuli musalipeputse. Masewera a ndege amagwiritsa mabatani a manambala a kumanja kwa kiyibodi pokweza ndi kutsitsa mphuno ya ndege, pomwe NVDA amagwiritsa mabatani omwewo poyendayenda m'malemba. Mukapanda kumugoneka, mudzakoka mphuno kuti munyamuke, NVDA n'kukuwerengerani mzere wina wake uku ndege ikuthamangira kumapeto kwa msewu. Mukapeza joystick, ndodo yoyendetsera ndege yolumikiza ku kompyuta, ngakhale yotchipa, mkanganowu watha.

Manambala anayi

Musanagwire ndege, dziwani zimene mudzauzidwe. Kutalika kwa mumlengalenga amakuyeza m'mafiti, ndipo fiti imodzi ndi masentimita pafupifupi 30. Koma kutalikaku kuli pawiri. Kwina amawerengera kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, kwina kuchokera pa nthaka imene ili pansi panu. Ndege itaima pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, chipangizo chimanena mafiti opitirira pang'ono 4,000 chikhalirecho matayala ali pa phula. Pa OR Tambo ku Johannesburg chimanena oposa 5,500. Paulendo mumatsata nambala yochokera pa nyanja. Potera m'pamene ya pa nthaka imakhala mfumu.

Liwiro amaliyeza mu ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Kolowera amakuyeza m'madigiri ozungulira kampasi: 360 ndi kumpoto, 90 kum'mawa, 180 kummwera, 270 kumadzulo. Nambala ya msewu wa ndege imachokera pomwepa, amangochotsa ziro wa kumapeto. Msewu 14 wa ku Lilongwe waloza cha ku madigiri 140, ndipo msewu womwewo mukaulowera mbali inayo ndi 32. Nambala yachinayi ndi ya mafiti amene mukukwera kapena kutsika pa mphindi imodzi.

Bwalo lililonse lilinso ndi chizindikiro cha zilembo zinayi chimene mudzalembe m'malo mwa dzina. Kamuzu ndi FWKI, Chileka ndi FWCL, Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi FLKK, OR Tambo ndi FAOR, Heathrow ku London ndi EGLL.

Sewero lopangidwira makutu liyambe

Ine ndimalangiza aliyense kuyamba ndi Eurofly. Analipanga ndi Stefan Kiss wa ku Slovakia, ndi laulere, silidya malo ambiri pa kompyuta, ndipo chiyambire linapangidwira anthu osaona. Mulibe choti mukapemphe woona kuti akudinireni. Muli mapu a dziko lonse oyendamo ndi mabatani a mivi uku mukumva mayina a mayiko ndi mizinda, ndipo muli maulendo opatsidwa ngati ntchito, oyamba ophweka, otsatira ovutirapo. Werengani buku la malangizo lobwera nalo mpaka kumapeto. N'zotopetsa, koma mabatani ake ndi ambiri ndipo kungowalota sikungatheke.

Eurofly sikuphunzitsani mmene Boeing yeniyeni imayendera, kaulukidwe kake n'kofewetsedwa. Chimene mutengeko ndi mwambo: kuthira mafuta okwanira, kupempha chilolezo kwa oyang'anira ndege a pa nsanja musananyamuke, kusintha wayilesi, kuyamba kutsika nthawi ilipo, ndi kufunsa nambala imodzi yokha imene mukuifuna m'malo momvera zonse. Mukatera kangapo mtima osagunda kwambiri, ndiye kuti mwakonzeka kupita kwina. Amene mtima wawo uli pa ndege zankhondo angayese Three-D Velocity, lomwenso ndi la makutu okhaokha, koma imeneyo ndi njira ina.

Kulowa m'masewera amene oona amasewera

Apa pakufunika ndalama, ndiye musathamangire kugula. Pali zinthu zinayi zolumikizana: sewero lenilenilo, kapulogalamu kotulutsa manambala m'seweromo, pulogalamu yotchula manambalawo, ndi ndege imene pulogalamu yotchulayo ikuidziwa. Chimodzi chikasemphana ndi chinzake, mwataya ndalama. Ndiye yambirani kumapeto: pitani pa tsamba la pulogalamu yotchula, onani masewera ndi ndege zimene mtundu wake watsopano ukugwira nazo, kenako mugule zogwirizana nazo.

Pulogalamu yotchula yodziwika kwambiri ndi Talking Flight Monitor, ambiri amangoti TFM. Imalankhula kudzera mwa NVDA kapena JAWS. Mumadina batani loitanira, kenako chilembo chimodzi, iyo n'kukuuzani kutalika, liwiro, kolowera kapena mzinda umene mwayandikira. Imakupatsaninso mawindo owerengeka bwino m'malo mwa maswichi ojambulidwa a m'chipinda cha woyendetsa. Kapulogalamu kolumikiza ndi FSUIPC, ndipo kali ndi mitundu yake: FSUIPC4 ndi ya Flight Simulator X, FSUIPC6 ndi ya Prepar3D ya Lockheed Martin, FSUIPC7 ndi ya Microsoft Flight Simulator yatsopano. Kungotulutsa manambala sikufuna kuti mukalipire.

Nanga sewero liti? Flight Simulator X inatuluka mu 2006 n'kubweranso pa Steam, sitolo ya masewera ya pa intaneti, mu 2014. Ndi yakale, zithunzi zake oona amaziseka, koma inu zithunzi mukachita nazo chiyani? Imayenda pa kompyuta wamba ndipo ikalowa sifunanso intaneti youlukira. Microsoft Flight Simulator ya 2020 ili ndi anthu ambiri, ili ndi mawu ake owerenga mamenyu amene mumayatsa pa gawo la Accessibility, koma kuikopera kumadya ma gigabyte oposa 100 ndipo imafuna kompyuta yamphamvu. Ya 2024 imakoka zinthu zambiri pa intaneti mukuuluka. Kwa munthu wodalira bandulo ya pa foni, imeneyo ndi yofunika kuiganizira kawiri. Mukasankha ya 2020, lowani pa zosankha za Data n'kuzimitsa zithunzi za dziko zochokera ku Bing ndi za mizinda zotchedwa photogrammetry, kenako tsitsani zithunzi zonse kufika pa mlingo wotsikitsitsa. Bandulo ikhalitsa, laputopu isiya kutentha, ndipo palibe chimene mwataya.

Tsiku loika zonsezi, itanani munthu woona akhale nanu ola limodzi kapena awiri. Pali masikirini ena oyambirira amene salankhula. Ali pomwepo, muzimitsiretu zinthu zitatu: kuwonongeka kwa ndege ikagunda chinthu, ndege zina zoyendetsedwa ndi kompyuta, ndi mawu a oyang'anira ndege a m'seweromo. Zonsezi mudzaziyatsa m'tsogolo. Pakali pano injini, TFM, NVDA, machenjezo a ndege ndi a pa nsanja zikamalankhula pamodzi, mutu umakhala ngati mwaima pakati pa depoti ya minibasi, aliyense akukuwa kwake.

Sankhani ndege yaikulu

Oona amauzidwa kuyamba ndi kandege kakang'ono ngati Cessna 172. Malangizo amenewo si anu. Kandege kotere kamayendetsedwa ndi dzanja ndi diso, kamatekeseka ndi kamphepo kalikonse, ndipo pothamanga pa msewu kamakokera kumanzere chifukwa cha kuzungulira kwa pulopela. Ndege yaikulu yonyamula anthu inapangidwa kuti iziyenda ndi manambala. Mumailembera njira, autopilot, chipangizo choyendetsa ndege chokha, n'kuitsata, ndipo pa bwalo lokhala ndi zipangizo zoyenera imatha kudzitera yokha. Ntchito yanu imakhala kulamula ndi kulondera, ndipo zonse ziwirizi khutu limakwanitsa.

Osaona ambiri amauluka ndi Boeing 737 kapena 777 za kampani ya PMDG, chifukwa TFM imadziwa maswichi ake. Ndi zogula padera. Mukaziika, pali kachinthu kamodzi kamene kamazunguza anthu: ndegeyo situlutsa manambala ake onse mpaka mutailola. Tsegulani fayilo ya zosankha za ndegeyo, yothera ndi Options.ini, pansi pake lembani mutu wa SDK m'mabulaketi a makona monga mitu inayo yalembedwera, kenako mzere wa EnableDataBroadcast=1 ndi wa EnableCDUBroadcast.0=1. Mzere wachiwiriwo ndi umene umalola kuti sikirini ya kompyuta ya ndege iwerengeke.

Ulendo woyamba

Sankhani ulendo waufupi pakati pa mabwalo akuluakulu okhala ndi ILS, chipangizo cha wayilesi chotsogolera ndege potera. Johannesburg kupita ku King Shaka ku Durban, FAOR kupita FALE, ndi wabwino: pafupifupi ola limodzi. Nyengo ikani yoyera, yopanda mphepo. Ndipo yambirani pa msewu wonyamukira penipeni, injini zili zoyaka kale. Kuyendetsa ndege pansi kuchoka pa geti, pamene anthu amakwerera, ndiye gawo lovuta kuposa onse kwa wosaona, ndipo palibe chifukwa cholimbana nalo sabata yoyamba.

Njira ya ulendo itengeni pa SimBrief, tsamba laulere limene NVDA amawerenga. Mumalemba bwalo lochokera, lopita ndi mtundu wa ndege, ilo n'kukupatsani njira, mafuta ofunika ndi kutalika koyendera. Zimenezi mukazilowetse mu FMC, kompyuta ya ndege. Sikirini yake ili ndi mabatani 6 kumanzere ndi 6 kumanja, ndipo chimene mwalemba chimayamba chakhala pa mzere wa pansi, kenako mumadina batani la mzere umene mukufuna kuti chipite. Mu 737 masamba ake amatsatana chonchi: POS INIT pouza ndege pamene ili, RTE polemba njira, DEP ARR posankha msewu wonyamukira ndi woterera, PERF INIT polemba kulemera ndi kutalika, TAKEOFF REF potenga maliwiro onyamukira. Mukasintha njira, dinani EXEC, apo ayi ndege siimva.

Pano m'pofunika kudekha. Tsegulani tsamba la LEGS n'kuwerenga mzere ndi mzere mpaka kumapeto. Mukamva mawu oti ROUTE DISCONTINUITY, ndiye kuti njira yaduka pamenepo, ndipo ndege ikafikapo idzangopitirira kutsogolo osakhota. Kulumikiza kwake n'kosavuta: dinani batani la malo otsatira pansi pa mpatawo kuti dzina lake litsikire pa mzere wolembera, kenako dinani batani la mpatawo, kenako EXEC. Mukamva NOT IN DATABASE, kawirikawiri ndiye kuti mndandanda wa malo wa SimBrief ndi wa m'ndege ndi ya miyezi yosiyana. Paulendo wophunzira, lumphani malo amenewo mulembe otsatira.

Kenako pitani pa mabatani a autopilot. Ikani liwiro la V2, lokwerera ndege ikangonyamuka, limene FMC yakupatsani, kolowera kofanana ndi msewu, ndi kutalika kumene mukupita. Yatsani ma flight director onse awiri, olozera kumene ndege iyenera kulowera, autothrottle yosintha yokha mphamvu ya injini, LNAV yotsata njira ndi VNAV yotsata kukwera ndi kutsika. Ma flap, zipsepse za kumbuyo kwa mapiko zothandiza ponyamuka ndi potera, ikani pa 5. Pa kiyibodi, F7 amatambasula ma flap sitepe imodzi, F6 amabweza. F3 amawonjezera mphamvu ya injini, F2 amachepetsa, G ndi wa matayala.

Masulani buleki yoimikira, kwezani injini kufika cha pa 40 peresenti, zisiyeni zikhazikike, kenako dinani TOGA, batani lopatsa injini mphamvu yonyamukira. Kuchokera apa nambala yanu ndi imodzi yokha, liwiro. Likafika pa liwiro lonyamukira, kokani mphuno pang'onopang'ono, madigiri awiri kapena atatu pa sekondi, kulinga ku madigiri 15. Mukakoka mwaukali mchira umakhula pansi, makamaka pa 737-800 poti ndi yaitali. Mukamva kuti mukukwera, dinani G. Mukadutsa mafiti 400 kuchokera pa nthaka, yatsani autopilot, chotsani dzanja. Liwiro likamakwera bwezani ma flap sitepe ndi sitepe. Pansi pa mafiti 10,000 lamulo la malo ambiri ndi kusapitirira ma knot 250, ndipo VNAV imalisunga yokha.

Mukafika pamwamba musangokhala. Ino ndi nthawi yoyesa mabatani onse a TFM limodzi limodzi, popanda chokuthamangitsani. Batani la P mu Flight Simulator X limaimitsa sewero, ndipo kuligwiritsa ntchito si manyazi.

Kutsika ndi kutera

Musanayambe kutsika, sungani ulendowo. Magetsi akathima simuyambiranso ku Johannesburg, komanso mutha kubwereza kutera kokhakokha kakhumi osauluka ola lathunthu.

Oyendetsa ndege ali ndi kawerengedwe kachidule: pa mafiti 1,000 alionse otsika, pamafunika mamailosi atatu a panyanja (imodzi ndi makilomita 1.852). Durban ili m'mphepete mwa nyanja, ndiye ngati muli pa mafiti 30,000 muyenera kuyamba kutsika kutatsala mamailosi 90, kuphatikizapo ena 10 ochepetsera liwiro. FMC imawerengera yokha malo amenewa, koma siitsika ngati nambala ya kutalika pa autopilot mwaisiya pa 30,000. Itsitseni malowo asanakwane. Ambiri amaphonya apa, amadzidzimuka ali pamwamba pa bwalo, ndege ikadali kumwamba. Podutsa m'munsi, batani la B limakonza chipangizo choyezera kutalika kuti chigwirizane ndi mpweya wa pamalopo.

ILS ili ndi mizere iwiri ya wayilesi. Wina umakusungani pakati pa msewu, wina umakutsetsereza pa madigiri atatu mpaka pa phula. Mu 737, lembani nambala ya wayilesi ya ILS pa mawayilesi onse awiri a NAV, ndi kolowera kwa msewu mbali zonse ziwiri. Manambalawa ali pa tsamba la APPROACH REF, pamodzi ndi liwiro loterera, limene mumawonjezerapo ma knot 5. Ikani autobrake, buleki yodzigwira yokha, pa 2 kapena 3, konzekeretsani speedbrake, zotchinga mphepo za pa mapiko. Chepetsani liwiro uku mukutambasula ma flap, 1 kenako 5. Mukayandikira mzere wa msewu dinani APP kuti ndege itsate ILS, kenako yatsani autopilot yachiwiri kuti zonse ziwiri zigwire, chifukwa popanda yachiwiriyo ndege sidzitera yokha. Ikagwira mzere wotsetsereka tsitsani matayala, ma flap 15, kenako 30.

Kumapeto ndege imadziwerengera mafiti otsala mokweza m'Chingerezi, 50, 40, 30, 20, 10. Musagwire kanthu. Matayala akagunda pansi, zimitsani autopilot, gwirani F2 kuti injini zikankhire m'mbuyo, dinani F1 kuti zisiye liwiro likatsika cha pa ma knot 60, n'kumaliza ndi buleki. Pa nkhani imeneyi 777 ndi yachifundo kuposa 737, chifukwa imadzitchera yokha wayilesi ya ILS ndipo imapitiriza kudzisunga pakati pa msewu itatera kale. Ngati ndalama ikukwana ndege imodzi yokha, ganizirani zimenezo.

Zikasokonekera, mwachitsanzo mwafika pa mafiti 1,000 liwiro lili pamwamba kapena ma flap sanatsike, musakakamize. Dinani TOGA mukwerenso, kapena bwererani pamene munasunga. Bwerezani ulendo womwewu mpaka manja azidziwa okha chotsatira. Kenako onjezani chimodzi: mphepo pang'ono, ulendo wina kuyatsa injini nokha kuchokera pa ndege yozima, ulendo wina oyang'anira ndege a m'seweromo.

Kulankhula ndi anthu enieni

Pa VATSIM, yomwe inayamba mu 2001, anthu odzipereka amakhala oyang'anira ndege ndipo mumalankhula nawo pa maikolofoni. Kulembetsa n'kwaulere, pali kamayeso kochepa kolowera, ndipo mumalumikiza ndi pulogalamu ya vPilot. Kumeneko kulibe batani loimitsa, ndiye musapiteko musanazolowere ndege yanu. Masiku oyamba imikani ndege pa geti ya bwalo lotanganidwa, tcherani wayilesi, muzingomvetsera mmene amapemphera chilolezo ndi mmene amabwerezera malangizo. Zonse zimayankhulidwa m'Chingerezi cha mawu owerengeka obwerezabwereza, ndipo zilembo amazitchula Alfa, Bravo, Charlie, zomwe mungaloweze madzulo amodzi. Tsiku louluka, sankhani bwalo lopanda ndege zambiri, ndipo pa malo a ndemanga a pulani ya ulendo lembani kuti ndinu wosaona ndipo mwangoyamba kumene. Muuzeninso woyang'anira musanasunthe kuti poyenda pansi mufuna azikuuzani pokhota paliponse, kapena mupempheni akuloleni kuyambira pafupi ndi msewu wonyamukira.